Mafunso Anu: Ulemu wa Kwathu Ukakafika Kwa Eni

Makalata ambiri a mwezi uno ndi a ulendo. Wina akupita kukapikula katundu, wina kukadwazika m'bale wake, wina kukalowola, ndipo mayi wina akuyembekezera mkamwini wochokera kutsidya la nyanja. Zimene anthu amangozitchula kuti mwambo sizilemera mofanana. Pali ulemu wamba, umene mlendo akaphonya eni ake amangomwetulira. Pali zoletsa zokhudza imfa, chipembedzo ndi ukhondo wa thupi, zimene ukaphonya munthu mtima umamudumpha ngakhale akudziwa kuti sunachitire dala. Ndiye pali zimene zinalowa m'malamulo a dziko, zoti munthu ukhoza kugona nazo m'chitokosi. Poyankha tiyesetsa kusiyanitsa zitatuzi.

Ndimapikula zipangizo zamagetsi ku Guangzhou, m'dziko la China. Mwini fakitale ina wandithandiza zaka zitatu, mpaka tsiku lina ananditumizira katundu ndisanamalize kulipira. Ndasemetsa wotchi yapakhoma ya m'bawa, yooneka ngati mapu a Malawi, kuti ndikamuthokozere. Mnzanga akuti ndisayerekeze. Kodi akungondiopseza? (Bambo wa ku Limbe)

Mnzanuyo wakupulumutsani, bambo. Wotchiyo ipachikeni pabalaza panu. M'Chitchaina mawu oti kupereka wotchi amamveka chimodzimodzi ndi mawu oti kuperekeza munthu paulendo wake womaliza. Onse awiri amatchulidwa kuti song zhong. Mwini fakitaleyo sangakukalipireni, adzaseka n'kuthokoza, koma wotchiyo siidzapachikidwa pakhoma, ndipo ngati ndi wachikulire mudzakhala mwamukhumudwitsa. Amene anapereka kale asataye mtima. Eni ake ali nayo njira yotsukira: wolandirayo amapereka kakobiri kamodzi kwa woperekayo kuti chinthucho chikhale chogula, osati mphatso.

Zoletsa zambiri za kumeneko zimachokera pa kufanana kwa mawu. Nambala 4 imamveka ngati imfa, n'chifukwa chake m'nyumba zina zosanja mukalowa m'chikepe mupeza batani la 3 kenako la 5. Musapereke zinthu zinayi, ngakhale ndalama yokhala ndi 4. Nambala 8 imamveka ngati kulemera ndipo amaikonda kwambiri, moti masewera a Olympics a ku Beijing anatsegulidwa pa 8 August 2008, nthawi ya 8 koloko madzulo. Ambulera imamveka ngati kupatukana. Mpeni ndi sizasi zimatanthauza kudula ubale. Chipewa chobiriwira ndiye choipitsitsa kwa mwamuna, chifukwa "kuvala chipewa chobiriwira" ndi mawu onena munthu amene mkazi wake akuyenda njira. Pepala lokulungira likhale lofiira kapena lagolide. Loyera ndi lakuda ndi za pamaliro. Dzina la munthu musalilembe ndi inki yofiira.

Mupereke chiyani? Tiyi wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, khofi wa ku Mzuzu, mtedza wa makademiya, kapena zosema ziwiri zofanana, poti zinthu zoyenda ziwiriziwiri amazikonda. Perekani ndi manja awiri monga kwathu konkuno. Adzakana kamodzi, kawiri, mwinanso katatu. Musabweze dzanja poganiza kuti saifuna. Kukanako ndi ulemu wake, kuumirira ndi ulemu wanu. Akalandira adzaiika pambali osatsegula, ndipo si kunyoza.

Akakuitanani ku chakudya, dikirani akulozereni mpando, chifukwa woyang'ana kukhomo ndi wa munthu wolemekezeka. Timitengo todyera musatizike chilili mumpunga: zimafanana ndi lubani amene amazika pofukiza kwa akufa. Tigonekeni pambali pa mbale. Pogundanitsa matambula, mlomo wa tambula yanu ukhale m'munsi pang'ono mwa wa wamkuluyo. Mowa wawo woyera wotchedwa baijiu nthawi zambiri umapitirira 50 peresenti, ndiye ngati simumwa nenani poyambirira penipeni n'kugwira tiyi mpaka kumapeto. Chimene chimawawa n'kumwa ndi uyu n'kukana uyo. Ku Guangdong, chigawo chimene muli mzinda wa Guangzhou, munthu akakuthirirani tiyi, mumagogoda tebulo pang'ono ndi zala ziwiri, ndiye zikomo wake ameneyo. Bilu sagawana. Iye alipire lero, inu mudzamuitane ulendo wina.

Chomaliza, chimene chimaononga malonda kuposa wotchi. Katundu akabwera wolakwika, musamukalipire pamaso pa antchito ake kapena makasitomala ena. Muitanireni pambali, muonetseni zithunzi ndi manambala, mumusiyire mpata wokonza popanda kuvomera pagulu kuti analakwa. Munthu amene mwamuchititsa manyazi pagulu kumeneko sakubwezerani mawu, amangosiya kuyankha foni.

Ndakhala ku England miyezi inayi, ndikugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Abwana andilembera kuti ndimalankhula molamula, komanso kuti akamandilankhula ndimayang'ana pansi ngati ndikubisa kanthu. Mnzanga wina wasiya kundilankhula chibwerere kutchuthi, pamene ine ndinangomuyamikira kuti wanenepa. Ine ndinaleredwa mwaulemu. Ndikulakwitsa pati? (Mayi wochokera ku Ntcheu)

Ulemu muli nawo, mayi, koma mukuupereka m'chilankhulo chimene iwo sakumva. Tiyambe ndi kulamulako. M'Chichewa ulemu unalowa m'kati mwa mawu enieniwo. Tikati "ndipatseniko madzi", ka "-ni" kaja kalemekeza kale munthuyo, ka "-ko" kaja kafewetsa kale pempholo. Sitifunanso liwu lina lapadera. Tsono mukatembenuza m'mutu n'kunena kuti "give me water", zofewetsa zonse zija zatsalira m'Chichewa, chimene chatuluka ndi lamulo louma ngati la msilikali. Chingerezi cha kumeneko chimaika ulemu pa mawu owonjezera ndi pa kufunsa. Pempho lililonse lisanduke funso loyamba ndi "could you" kapena "would you mind", ndipo "please" asasowe. Kwa okalamba amene mukuwasamalira n'kofunika koposa: musanawagwire, musanawavule, musanakankhe njinga yawo, auzeni chimene mukufuna kuchita ndipo mudikire avomere. Kumeneko si ulemu chabe, ndi gawo la malamulo a ntchitoyo.

Za maso. Kwathu mwana wotuzulira maso wamkulu ndi wamwano, ndiye tinaphunzira kuzolika. Kwa iwo wozolika ndi wabodza kapena wosamvetsera. Simukuyenera kuwatong'olera maso ayi. Yang'anani nkhope yawo kwa kamphindi, pembenukani pang'ono, bwereraninso, uku mukugwedeza mutu. Ngati m'maso mukuchita manyazi, yang'anani pakati pa nsidze. Iwo saona kusiyana. Tikulangizaninso kuti muwafotokozere abwanawo mwachidule kuti kwanu kuyang'ana pansi ndi kulemekeza. Ambiri akamva amasintha maganizo pomwepo, koma sangalote okha. Kugwada kapena kupinda mawondo popereka chinthu kusiyeni pantchito, kumawasowetsa mtendere. Akakuuzani kuti muziwatchula dzina lawo loyamba, atchuleni, ngakhale lilime likulemera.

Za mnzanuyo, pitani mukapepese, ndipo musazungulire. Kwathu "mwanenepa" ndi kunena kuti moyo ukukuyanjani, simukudwala, kunyumba kuli mtendere. Kumeneko ndi chipongwe chopweteka, makamaka kwa mkazi. Thupi la munthu, zaka zake, malipiro ake, chifukwa chimene alibe mwana kapena sanakwatiwe, zonsezi sizifunsidwa mpaka mwiniwake ayambe yekha. Muuzeni kuti kwanu mawuwo ndi oyamikira, kuti mwadziwa tsopano kuti munamulasa, ndipo simudzabwerezanso.

Zina zing'onozing'ono n'zosavuta. Pamzere salowerera, ngakhale mnzanu ali kutsogolo. Kunyumba kwa munthu safika osapangana. Paukwati amawerenga mipando ndi mbale, ndiye khadi ikatchula inu nokha musatenge mlamu ndi ana. Mukamaonetsa nambala 2 ndi zala, chikhatho chiyang'ane kwa munthuyo, chifukwa mukatembenuza dzanja ndi kutukwana.

Simunafunse, koma ngati ana anu akubwera, imvani ichi chifukwa chili m'gulu la malamulo. Ku Scotland kumenya mwana mwa njira ina iliyonse kunaletsedwa mu 2020, ku Wales mu 2022. Ku England lamulo likadalolabe chimene amati chilango choyenera, koma sililola chilango chosiya chipsera, kutupa kapena mkwingwirima, ndipo lamba, waya kapena mthiko oona za ana amaziona ngati nkhanza. Aphunzitsi ali ndi udindo wokanena akaona zizindikiro kapena mwana akawauza. Kholo limene kwathu likanatamandidwa kuti limalera bwino likhoza kupezeka likufunsidwa ndi apolisi. Yambiranitu kuphunzira zilango zina ana asanakwere ndege.

Ndikuperekeza amayi anga ku India kukachitidwa opaleshoni, ndikakhala gadiyani miyezi iwiri. Tikachita lendi chipinda pafupi ndi chipatala. Ndanyamula ufa, usipa ndi nyama yang'ombe yofutsa. Ndisamale chiyani? (Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe)

Ufa tengani, achemwali. Nyama yang'ombeyo isiyeni. Kwa Ahindu ng'ombe ndi yopatulika, m'zigawo zambiri za dzikolo kupha ng'ombe n'koletsedwa ndi lamulo, ndipo m'zigawo zina ngakhale kupezeka ndi nyamayo ndi mlandu. Ku Kerala ndi kumadera ena amadya, koma inu simukapita kukayesa malire. Za usipa, funsani mwini nyumba musanalipire lendi ngati amalola kuphika zimene iwo amati non-veg. Eni nyumba ambiri salola nyama, nsomba ngakhale dzira kulowa m'khitchini mwawo, ndipo fungo la usipa wokazinga silibisika. Ukapezeka waphikira nsomba m'poto wa munthu wosadya nyama, kwa iye potoyo watha ntchito. Gulani mapoto anuanu awiri. M'sitolo, paketi yokhala ndi kadontho kobiriwira m'kabokosi ndi yopanda nyama, ya chizindikiro chofiirira ili ndi zanyama. Ufa ukatha, semolina, amene kumeneko amamutcha suji kapena rava, amaphika nsima yodyeka ndithu. Anthu a chipembedzo cha Jain sadya ngakhale anyezi, adyo ndi mbatata, ndiye musadabwe mnzanu wa m'wodi akakana chakudya chanu chopanda nyama.

Chimene Amalawi ambiri sachidziwa ndi chimene amati jootha, kutanthauza chakudya kapena chakumwa chimene chakhudzana ndi malovu a munthu wina. Kwathu kudyera mbale imodzi ndi chibale, kupatsirana botolo ndi chikondi. Kumeneko chimene mwaluma, supuni imene mwalawira, botolo limene mwaikapo milomo, zadetsedwa kwa wina aliyense. Mudzaona anthu akumwa madzi atakweza botolo m'mwamba, madzi akugwera m'kamwa milomo osakhudza. Munthu akakubwerekani botolo lake, imwani chomwecho. Yesererani kunyumba kuti musakadzithire. Dzanja limene mukudyera lisalowe m'mbale yogawira, ndipo musalawe ndiwo ndi chipande n'kuchibwezeranso mumphika pamaso pawo.

Dzanja lamanzere ndi la kuchimbudzi, ndiye ndalama, mankhwala ndi mapepala perekani ndi lamanja. Apa tikufanana nawo. Mapazi ndiye amawaona odetsedwa kuposa mmene timawaonera ife. Nsapato zimatsala pakhomo la nyumba ndi la kachisi, ndipo zipatala zina zimavulitsanso polowa m'zipinda za odwala kwambiri. Musaloze munthu ndi phazi, musakankhe buku kapena ndalama ndi phazi. Mukaponda munthu mwangozi, pepesani pomwepo; eni ake amagwira munthuyo pang'ono n'kubweza dzanja pachifuwa kapena pamphumi pawo.

Moni wabwino ndi kuphatikiza manja pachifuwa n'kunena kuti namaste. Bambo amene simukumudziwa musayambe ndinu kumupatsa dzanja. Kuika "ji" kumapeto kwa dzina kapena udindo ndi kulemekeza, ngati "a" wathu uja wa kumayambiriro. Samalani ndi mutu: dokotala kapena namwino akamaupendeketsa uku ndi uku, sakukana. Nthawi zambiri akuti "eya", "ndamva" kapena "chabwino". Pa nkhani ya mankhwala ndi tsiku la opaleshoni musadalire mutu, pemphani akulembereni papepala. Anthu adzakuyang'anitsitsani, ena adzakufunsani ngati muli pabanja ndi ndalama zimene mumalandira. Kumeneko mafunso amenewo ndi macheza wamba, mukhoza kuseka n'kuwalambalala. Valani zobisa mapewa ndi mawondo; chitenje chanu chikakuthandizani kwambiri. Mu sitima ya mumzinda wa Delhi muli bogi ya amayi okhaokha, ikakupepukitsirani ulendo nthawi ya chipwirikiti.

Mphwanga amagwira ntchito ku Durban ndipo wapeza mbeta ya Chizulu. Ali naye kale mwana mmodzi. Akwawo akuti tipite tikakambirane. Ine ndine malume ake, kwathu ndi ku Dowa, za malowolo sitizidziwa. Tikayambire pati? (Bambo wa ku Dowa)

Yambirani pa kumvetsa kuti mukukalowa m'dongosolo lotembenuka ndi lanu, bambo. Kwanu ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndinu malume, mwamuna amakalowa chikamwini. Kwa Azulu ng'ombe zikapita, mkazi amalowa m'banja la mwamuna, ana amatenga mfunda wa bambo ndipo amawerengedwa kuchimuna. Akuluakulu a kwanu akhale pansi agwirizane zimenezi musananyamuke, kuti mawa pasadzabuke mkangano wa ana. Pagulu lanu pakhale abambo ake a mnyamatayo kapena m'bale wawo, chifukwa eni mkazi adzayembekezera kuona akuchimuna. Pezaninso munthu wachikulire wolankhula Chizulu bwino kuti akhale mlomo wanu. Mngoni wa ku Mzimba kapena Mtumbuka amene anayendetsapo malowolo angakuthandizeni kumva kayendedwe kake, poti Angoni anachokera komweko: a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835.

Choyamba ndi kalata yochokera kubanja lanu yopempha tsiku. Iwo ayankhe, atchule tsiku ndi nthawi. Tsikulo fikani m'mamawa, mutavala majekete, kuchedwa kumalipitsidwa. Musalowe pageti ngakhale lili lotsegula. Mlomo wanu aime panja, afuule moni ndi mayina otamanda mfunda wa banjalo, amene amati izithakazelo. Mayinawa mtsikanayo akulembereni pasadakhale ndipo muwaloweze, chifukwa kuwaphonya n'kunyoza makolo awo. Akhoza kukusiyani panja ola lathunthu ngati sakukumvani. Musapse mtima, musaimbe hutala, ndi mbali ya mwambowo. Akakulowetsani, vulani zipewa, khalani pamene akulozerani. Iwo adzakhala duu mpaka mutaika pansi chotsegulira pakamwa, imvulamlomo, chimene chimakhala ndalama kapena botolo la mowa, malinga ndi banjalo. Akatero mlomo wanu anene kuti mwabwera kudzapempha chibale chabwino. Mawu oti kugula kapena mtengo asatuluke m'kamwa mwa aliyense. Mnyamatayo salankhula pabwaloli, nthawi zambiri amatsala panja. Adzatulutsa atsikana angapo kuti muloze wanu, monga timachitira pachinkhoswe, ndiye muonetsetse kuti mukumudziwa nkhope.

Popeza pali mwana, adzayamba ndi inhlawulo, chindapusa cha kupereka mimba kunja kwa ukwati. Musakangane nacho, ndi khomo lolowera ku zina zonse. Za malowolo enieniwo, ku KwaZulu-Natal, chigawo chimene muli mzinda wa Durban, chiwerengero chodziwika kwa mwana wa munthu wamba ndi ng'ombe 11: khumi za banja ndi imodzi ya mayi a mtsikana. Chimatsika ngati mtsikanayo anaberekapo, chimakwera kwa mwana wa mfumu. Masiku ano mabanja ambiri amagwirizana mtengo wa ng'ombe imodzi m'ma rand, ndipo kukambirana kwenikweni kuli pamenepo. Pemphani kutuluka panja kukanong'onezana mukafuna, n'zololedwa. Musamalize zonse tsiku limodzi ngakhale ndalama zilipo. Mabanja ambiri amaona ngati kudzionetsera, kapena ngati mukufuna kudula chibale. Zimene mwagwirizana zilembedwe, mbali zonse zisayine, aliyense atenge pepala lake. Pambuyo pake pali umembeso, pamene inu mumapereka mabulangete ndi zovala kwa akuchikazi potsata mndandanda umene iwo akupatseni, ndi umabo, pamene mkwatibwi amapereka mphatso kwa akuchimuna.

Mbali ya lamulo musainyalanyaze. Ku South Africa lamulo la 1998 la maukwati a chikhalidwe limati ukwati wotere ndi ukwati weniweni ngati onse awiri akwanitsa zaka 18, avomera, ndipo mwambo watsatidwa. Uyenera kulembetsedwa ku Home Affairs pasanathe miyezi itatu, koma kusalembetsa sikuufafaniza. Ngati sanasayinirane pangano lina asanakwatirane, chuma chawo chimakhala cha onse awiri. Ndiye mufunseni mphwanuyo maso ndi maso ngati sanasiye mkazi wina kumudzi, musanakaime pageti la eni.

Ndikupita ku Dubai kukagula mafoni, koma ulendo wagwera m'mwezi wa Ramadan. Ine ndine Mkhristu. Zikundikhudza? (Mnyamata wa ku Mzuzu)

Simukakamizidwa kusala, achimwene, ndipo malo odyera ambiri amatsegula. Koma dzuwa lisanalowe musadye, kumwa, kusuta kapena kutafuna chingamu mumsewu ndi m'sitolo ya munthu amene akusala. Masitolo ambiri amasintha nthawi, malonda amatentha usiku. Akakuitanani ku chakudya chomasulira, pitani, ndi ulemu waukulu. Khofi amathira pang'ono m'kakapu kopanda chogwirira. Landirani ndi dzanja lamanja, ndipo mukakhuta gwedezani kakapuko pobweza, apo ayi azingothirabe. Mayi musamupatse dzanja pokhapokha ayambe yekha. Ikani dzanja pachifuwa. Musadutse kutsogolo kwa munthu amene akuswali, ndipo pokhala musalozetse kuphazi kwa munthu. Ziwiri izi ndi milandu ya kupolisi, osati mwano chabe: kujambula munthu popanda chilolezo chake, ndi kutukwana, kaya ndi pakamwa, ndi chala, kapena pa WhatsApp. Mukasemphana ndi wogulitsa, ugwireni mtima.

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ku Germany. Mwezi wa August akubwera ndi mwamuna wake kudzaona agogo kumudzi ku Dedza, koyamba. Ndikuopa manyazi. Ndimuuze zotani mkamwiniyu? (Mayi wa ku Zomba)

Musamuuze nokha, mayi, ndinu apongozi. Uzani mwana wanu kapena ankhoswe kuti amukhazike pansi. Ndipo amufotokozere chifukwa cha chinthu chilichonse, poti munthu amasunga bwino lamulo limene walimvetsa.

Ayambe ndi kafikidwe. Kwawoko munthu amalowa ndi dzanja kutsogolo, kugwira aliyense chanza mwamphamvu ali chiimire. Kumudzi aodire ali chapatali, adikire "lowani", akhale pamene amuyalira, moni umupeze atakhala. Popereka dzanja, lamanzere ligwirizire mkono wamanja, thupi litawerama pang'ono, chipewa chitavulidwa, manja asakhale m'thumba. Moni ndi wa munthu mmodzimmodzi, osati kukweza dzanja kwa gulu lonse. Podutsa pamene pakhala anthu awerame n'kunena "zikomo". Achikulire asawatchule mayina. Akakhala masiku angapo, malume amuperekeze kwa amfumu tsiku loyamba kapena lachiwiri, atanyamula kangachepe.

Chimene chidzamudabwitse kwambiri ndinu. Kwawo mkamwini amakumbatira apongozi, kukhala nawo pampando umodzi, kuwatchula dzina. Adziwe kuti mukakhala patali, mukamamulankhula mutayang'ana kumbali kapena kudzera mwa munthu wina, simukumuda. Mukumupatsa ulemu waukulu umene mkamwini amalandira. Kuchipinda kwa apongozi salowa. Iye ndi mkazi wake asapsompsonane kapena kukolekana manja m'khosi pamaso pa makolo. Kabudula wamfupi asiye kunyanja, ndipo mwana wanu asaiwale chitenje chifukwa choti wakhalitsa kunja.

Pachakudya, madzi osamba m'manja amayamba wamkulu kapena mlendo. Adye ndi dzanja lamanja, anyeme nsima mbali yake, ndiwo azitapa pang'ono. Asanunkhize chakudya. Kwawo kununkhiza ndi kuyamikira wophika, kwathu ndi kunena kuti chavunda kapena mwathiramo kanthu. Ngati pali chimene sadya, zidziwike nkhuku isanaphedwe, chifukwa kukana nkhuku yophedwera iwe n'kowawa. Akalephera kumaliza palibe mlandu, koma alawe. Agogo akamupatsa nkhuku yamoyo kapena lichero la mtedza potsanzikana, alandire ndi manja awiri, asafunse mtengo, asatulutse chikwama. Mphatso zake, kaya shuga, sopo, mchere, bulangete la agogo, zidzere mwa inu kapena malume kuti zigawidwe mwadongosolo, asamagawe ndalama kwa ana pabwalo.

August ndi nyengo ya gule, ndipo Dedza ndi kwawo kwa gule, ndiye apa amvetsetse bwino. Gule Wamkulu ndi wolemekezeka mpaka bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2005, koma kwa eni ake si chionetsero cha alendo. Akakumana ndi chilombo panjira apatuke, asachitsekereze, asachigwire. Akafuna kufupa, ndalama aponye pansi, asapereke m'manja. Asajambule asanapemphe kwa akuluakulu a mudzi. Asafunse kuti wavala chigobacho ndani, ndipo asanene kuti ndi munthu, makamaka pamaso pa amayi ndi ana. Kumanda ndi kudambwe sapitako. Kankhalango kowirira pafupi ndi mudzi kamene kangamukope kuti akajambule mbalame nthawi zambiri ndi manda amenewo. Afunse asanalowe patchire lililonse.

Akaona masamba aikidwa pamsewu, pali maliro. Galimoto iyende pang'onopang'ono, wailesi izimitsidwe, chipewa chivulidwe, ndipo ngati ali panjinga atsike aziikankha mpaka apitirire masamba achiwiri. Maliro akagwa m'mudzimo iye ali pomwepo, ulendo wa kunyanja uyambe wadikira. Apite ndi malume, akakhale kumene kwakhala abambo, apereke chipepeso kudzera mwa amene akulemba, ndipo kamera itsale m'chikwama.